Musanapake wodwala mafuta ochokera pansi, yambani mwaona pepala

Vaseline, mafuta oyera amadzimadzi otchedwa liquid paraffin, ndi emulsifying ointment amene achipatala amalembera anthu a khungu louma ndi losweka, onsewa amachokera ku mafuta okumbidwa pansi, omwe aja amatipatsa petulo ndi dizilo. Robert Chesebrough adalembetsa Vaseline ku America mu 1872, atauyenga kuchokera ku phula lomata pa zitsulo zokumbira mafuta. Chachikulu chosiyanitsa mankhwalawa ndi girisi wa njinga ndi kayengedwe. Malangizowa ndi anu amene muli ndi sitolo ya mankhwala kapena kiliniki ku Mitundu, Nathenje ndi Nkhoma, ndipo mumapikula mafutawa m'ndowa ndi m'zigubu.

Zoyambirira mukuzidziwa. Gulani kwa ogulitsa ovomerezeka ndi bungwe la PMRA, loyang'anira mankhwala m'dziko muno. Pa lebulo pakhale zilembo BP kapena USP, dzina la wopanga, nambala ya batch ndi tsiku lothera mphamvu. Ngati akununkha ngati parafini wa nyale, bwezani pompo.

Tsopano pamene ambiri amagwera: pemphani pepala la zotsatira za ku labotale, Certificate of Analysis, ndipo nambala ya batch ya papepalalo muiyike pambali pa nambala ya pandowa, muwerenge chilembo ndi chilembo.

Ndaona anthu akulandira pepalali, kuona chidindo chokongola, n'kuliponya m'dirowa. Ena amapatsidwa fotokope yothimbirira ya katundu wa chaka china, iwo n'kumathokoza. Pepala la batch ina silinena kanthu za ndowa imene ili patsogolo panu. Manambala akasiyana, ngakhale nambala imodzi yokha, mafutawo atengeni ngati sanayezedwe.

Ena amatsegula ndowa, kupaka pang'ono kumsana kwa dzanja, kununkhiza, n'kuti, "Awa ndi orijino." Ayi ndithu. Choopsa m'mafutawa ndi timankhwala totchedwa polycyclic aromatic hydrocarbons, totsalira pamene sanayengedwe mokwanira, ndipo tikakhala tochepa maso satiwona, mphuno sitimva. Bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, lidaika mafuta osayengedwa ndi oyengedwa pang'ono m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya pakhungu. Oyengedwa bwino sali m'gululo. Tsono ganizirani mwana amene amayi ake amamupaka thupi lonse m'mawa ndi madzulo, pakhungu losweka kale, miyezi ndi miyezi. Kuyera kwa mafuta si umboni. Umboni ndi pepala la batch yomweyo.

Pepalalo likagwirizana ndi ndowa, liwerengeni. Pa liquid paraffin wa BP, mzere wa relative density ukhale pakati pa 0.827 ndi 0.890, wa viscosity pakati pa 110 ndi 230. Mzere wa readily carbonisable substances umanena za kuyeza kumene amasakaniza mafutawo ndi asidi wa sulphuric n'kuwatenthetsa m'madzi owira mphindi 10; asidi akada kwambiri, ndiye kuti muli zotsalira. Koma maso anu athamangire mzere wa polycyclic aromatic hydrocarbons, umene amayeza ndi kuwala kwa UV. Mzerewu ukasowa, pepalalo ndi losakwanira, ngakhale mizere ina yonse itakhoza. Funsani chifukwa chake, ndipo musalole yankho loti "timagulitsa kalekale, palibe wadandaula". Khansa sidandaula sabata yomweyo.

Musayeserere zoyeza ndi asidi kuseri kwa sitolo. Asidi ameneyu amaotcha mpaka mnofu.

Mukakayikabe, imikani kugulitsa, patulani ndowayo, dziwitsani a PMRA ku Lilongwe, amene ali ndi labotale yoyeza mankhwala. Ngati ndi mafuta ongodzola wamba, nkhani yake ndi ya a Malawi Bureau of Standards. Chabwino n'kupereka botolo losatsegula la batch yomweyo. Mukakakamizika kupungula, pungulirani m'botolo lagalasi latsopano ndi louma, lembanipo dzina la mafuta, batch ndi tsiku. Botolo la Fanta lotsuka ndi sopo kapena kachigubu ka mafuta ophikira kamaononga sampulo, ndipo zotsatira zimakhala za botolo lanu, osati za mafuta. Za ndalama, mongoyerekeza, konzekerani thiransipoti ya minibasi kupita mtauni ndi kubwera, ndipo ngati mukuyezetsa mwa kufuna kwanu, sunganinso ndalama zolipirira kuyezako. Funsani mtengo musananyamuke.

Mafuta akakhoza, ntchito sinathe. Ogula auzeni kuti liquid paraffin si parafini wa nyale, ndipo wa nyale samwedwa kapena kupakidwa pachilonda. Mwana akamumwa mwangozi asamusanzitse, chifukwa amalowa m'mapapo. Athamangire naye ku chipatala cha Nkhoma, cha Mitundu kapena chilichonse chapafupi. Oyilo wakale wa galimoto pa zipere ndi mphere, chonde aleke. Awuzeninso kuti mafuta odzolawa akalowerera m'chitenje ndi m'bulangete, nsaluyo siichedwa kuyaka, choncho wodzola asakhalire pafupi ndi mbaula kapena koloboyi.

Katundu wotsatira akafika, musasaine wogulitsa asanakupatseni pepala la batch yake.