Phunziro: Ulendo wa Banja ku Washington

Abale, ambiri a ife timapita ku Washington kukakonza za pasipoti ku ofesi ya kazembe wa Malawi, pa 2408 Massachusetts Avenue, dera la Embassy Row. Tisanagule matikiti a Amtrak kapena a basi, tiyambe tawaimbira foni. Ofesiyi imatseka pa maholide a kuno ndi a kwathu omwe, monga pa 6 Julaye, ndiye tisatayire pachabe malipiro a tsiku lonse. Hotela tipeze ya kufupi ndi sitima ya Metro ya Red Line, monga ku Silver Spring, n'kukatsikira pa Dupont Circle. Tifunse mtengo wonse, msonkho uli momwemo. Zikatheka, anawa tikawaonetse nyumba za Smithsonian. Kulowa n'kwaulere, koma ku Air and Space Museum tisungitsiretu malo pa intaneti.