Zimene mtima umatibisira

Pamsonkhano wa kalabu tikafunsa kuti kodi kachirombo ka HIV kamafala bwanji, manja amakwezedwa ambirimbiri ndipo mayankho amakhala olondola. Koma tikafunsa kuti ndani wakayezetsa magazi chaka chino, m'chipindamo mumangoti zii. Wina amayang'ana pansi, wina amayamba nthabwala. Kudziwa tikudziwa, nanga chimatigwira miyendo n'chiyani? M'phunziro lino tikambirana njira imodzi imene akatswiri a za maganizo a munthu amayankhira funso lotere. Njirayi imatchedwa psychodynamic, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yakuti zambiri zimene timachita zimayendetsedwa ndi maganizo omwe ife eni ake sitikuwaona.

Mtsikana amene analeka kumwa madzi

Nkhaniyi inayambira mumzinda wa Vienna ku Austria. Kuyambira 1880 mpaka 1882, dokotala wina dzina lake Josef Breuer ankathandiza mtsikana wotchedwa Bertha Pappenheim, yemwe anadwala pamene ankadwazika bambo ake. Mkono ndi miyendo zinkauma, maso ankavuta, ndipo nthawi zina ankalephera kulankhula Chijeremani, chilankhulo chake, n'kumangolankhula Chingerezi. Panafika nthawi yoti kwa masabata angapo sankatha kumwa madzi ngakhale ludzu limugwire. Malinga ndi zimene Breuer analemba, tsiku lina mtsikanayu anakumbukira kuti anaonapo galu akumwa madzi m'tambula, zinamunyansa koma anangokhala chete poopa kukhumudwitsa mwini galuyo. Atanena zimenezi mokwiya, anaitanitsa madzi n'kumwa.

Breuer anafotokozera nkhaniyi mnzake wachinyamata, Sigmund Freud, dokotala wa matenda a mitsempha yemwe anabadwa m'chaka cha 1856. Mu 1895 awiriwa anatulutsa buku lonena kuti zowawa zimene munthu wazikankhira pansi pa mtima sizifa ayi, zimatulukira pena, mwina ngakhale m'thupi. Tinene chilungamo: Bertha sanachire nthawi yomweyo monga bukulo linkaonetsera. Anagonekedwabe m'chipatala ku Switzerland mu 1882, ndipo anadzapeza bwino patapita zaka, mpaka kukhala mtsogoleri womenyera ufulu wa amayi. Komabe mfundo yakuti kulankhula kungathandize wodwala inamera pamenepo.

Mkangano wa m'kati

Mu 1923 Freud anafotokoza kuti m'maganizo mwa munthu muli mbali zitatu. Id ndi chilakolako chimene chimafuna zinthu pompano, osaganiza za mawa. Superego ndi chikumbumtima, mawu a makolo, aphunzitsi ndi akuluakulu amene tinawameza tili ana. Pakati pa awiriwa pali ego, amene tingamuyerekeze ndi nkhoswe: amayesetsa kuyanjanitsa mbali ziwiri zosamvana, uku akuyang'ananso mmene zinthu zilili kunjaku. Mkangano ukakula munthu amagwidwa ndi nkhawa, ndipo nkhosweyo akathedwa nzeru amayamba kupotoza choonadi kuti mtima ukhale pansi. Mwana wamkazi wa Freud, Anna Freud, ndi amene analongosola bwino njira zodzitetezerazi m'buku lake la mu 1936.

Zina mwa izo timaziona tsiku ndi tsiku. Mnyamata wakalipiridwa ndi aphunzitsi, sangayankhe, ndiye pofika kunyumba amenya mng'ono wake chifukwa cha nkhani ya ndowa. Mkwiyo wasamukira pamene pali pofewa. Wina ali ndi zibwenzi zitatu, koma tsiku lililonse akulimbana ndi mtsikana wake kuti akumuyenda njomba. Chimene sakufuna kuchiona mwa iye mwini, wachipachika pa mnzake. Palinso kupeza zifukwa zomveka bwino zophimbira chifukwa chenicheni: "kuchipatala n'kutali", "mzere umatalika", "ndidikire kaye mayeso athe". Ndipo yaikulu pa zonse ndi kukana, pamene munthu amaona zizindikiro zonse koma mumtima akuti zimenezi sizingachitikire iye.

Chofunika kumvetsa n'chakuti munthu wotere sakunama. Wabodza amadziwa choonadi n'kuchibisira ena, pomwe uyu choonadicho chabisika kwa iye mwini. N'chifukwa chake kumuwerengeranso mfundo za m'kabuku sikusintha kanthu, poti mfundozo akuzidziwa kale, mwinanso kuposa ife. Chimene chamugwira ndi mantha, ndipo nthawi zambiri manthawo ali ndi mbiri yake. Amene anadwazika mayi ake mpaka kuwaika m'manda ali wamng'ono angathe kunena pakamwa kuti masiku ano kuli ma ARV, kuti womwa mankhwala mwandondomeko amakhala moyo wautali, ndiponso kuti kachirombo kakachepa mpaka osaonekanso poyeza sapatsira mnzake pogonana. Zonsezi n'zoona. Koma akangofika pakhomo la chipinda choyezera, amene akuimirira pamenepo ndi mwana uja wa pamaliro.

Tisaganizenso kuti njirazi n'zoipa nthawi zonse. Munthu amene wangolandira uthenga wopweteka, kukana kwa masiku ochepa kumamupatsa mpata wopuma. Vuto limabwera masiku akasanduka miyezi, thupi likufooka.

Ngakhale Freud mwiniwake sanapulumuke. Ankasuta ndudu zikuluzikulu pafupifupi 20 patsiku. Mu 1923 anamupeza ndi khansa ya m'kamwa, ndipo anachitidwa maopaleshoni oposa 30, koma fodya sanasiye. Ankati amamuthandiza kugwira ntchito. Mu 1938 anathawira ku London chifukwa chipani cha Nazi chinkazunza Ayuda, ndipo anamwalira kumeneko mu 1939 khansayo itamufooketsa kotheratu. Munthu amene anaphunzitsa dziko za kudzinamiza anakhala zaka 16 akusuta ndi nsagwada yodwala.

Kwa ife opereka uphungu kwa anzathu

Freud anaonanso kuti odwala ankayamba kumutenga ngati bambo awo, ena kumukonda mopitirira, ena kumukwiyira popanda chifukwa. Munthu amanyamula mmene ankamvera kwa makolo kapena wina wofunika pa ubwana wake, n'kuzitula pa amene akumuthandiza. Tsono mnzathu akatipsera mtima pamene tikumulimbikitsa kukayezetsa, tisathamangire kubwezera. Mwina mawu athu amveka ngati a amalume amene ankamunyoza. Nafenso tidziyang'ane, chifukwa nkhani ya mnzathu ingathe kutokosa bala lathu, n'kupezeka tikumukalipira kapena kusintha nkhani msanga.

Si zonse za Freud zimene akatswiri amavomereza lero. Maganizo ake ambiri okhudza ana ndi kugonana, komanso amayi, anatsutsidwa, ndipo katswiri wina, Karl Popper, anadandaula kuti mfundo zake n'zosatheka kuziyesa: wodwala akavomera ndiye kuti Freud walondola, akakana akuti umenewo ndiwo umboni wa kukana. Dandaulo limeneli likutikhudza. N'kosavuta kumva phunziro ngati lino n'kuyamba kuloza anzathu chala kuti "iwe ukukana choonadi". Mawu otere amatseka pakamwa pa munthu. Komanso amene akunena kuti alibe ndalama ya basi, kawirikawiri amakhaladi alibe. Chimene chatsalabe cholimba m'njirayi, chimene aphungu ophunzitsidwa akugwiritsabe ntchito, ndi kumvetsera mofatsa, kulola munthu kulankhula zonse zobwera m'mutu, ndi kufunsa modekha pamene nkhani yadumphidwa. Tikaona kuti mnzathu sakugona, sakudya, kapena akulankhula zodzipha, pamenepo tisadziyese madokotala. Timuperekeze kuchipatala kapena kwa mphungu tsiku lomwelo.

Zochita pa kalabu

Khalani awiriawiri. Wina alankhule kwa mphindi zisanu za chinthu chimene wakhala akuchizengereza, chachikulu kapena chaching'ono, ndipo mnzakeyo asapereke malangizo ngakhale amodzi. Aloledwa funso limodzi lokha: "Ukaganiza zochita zimenezi, chimabwera m'maganizo mwako n'chiyani?" Kenako musinthane. Pobwerera pagulu musaulule zimene mnzanu wanena. Aliyense angofotokoza mmene anamvera pomvetsera osalangiza, ndi nthawi imene anafunitsitsa kumudula mawu.