Musataye masamba onunkhiritsa ndiwo

Mukagula kamtolo ka koriyanda pamsika kapena kuthyola masamba a anyezi kudimba, otsala amangofota m'lichero mpaka kutayidwa. Komatu masambawa angakuthandizeni kuchepetsa mchere. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, chifukwa mchere wambiri umakweza BP. Ndiwo zikamanunkhira bwino, dzanja silithamangira ku mchere kapena ku timakyubu tokometsera tija, tomwe nato n'todzaza mchere. (Amene mukumwa mankhwala a BP musasiye ayi, masambawa salowa m'malo mwa mankhwala.)

Otsalawo atsukeni, muwayanike pa lichero loyera, pamthunzi podutsa mphepo. Dzuwa limathawitsa fungo ndiponso limawononga vitamini A. Akauma mpaka kumafumbutuka powatikita m'manja, asungeni m'botolo louma, lotseka bwino. Mukaona nkhungu tayani onse, musachite kusankha.

Koma musaviike adyo kapena masamba aawisi m'mafuta n'kusunga pashelefu masiku angapo. M'mafuta mulibe mpweya, ndipo malo otere ndi omwe mumaswana kachilombo kotulutsa poizoni wopha, fungo osasintha n'komwe.