NZERU SIZIPUMA PA NTCHITO

Munthu woyenda pa msika wa pa Lobi akhoza kuona nkhalamba yobvala jekete lakale ili khale pa khonde la sitolo, ikuwerenga nyuzi ya sabata yatha. Odutsa aipatsa moni mwaulemu, amvekere: "Mwaswera bwanji, aphunzitsi?" Koma palibe amene akhala pansi kuti acheze nayo. Nkhalamba yotere mwina inatha zaka 30 ikugwira ntchito pa sukulu ya ukachenjede, ndipo lero yabwerera kwao. Phunziro lino likamba za akulu otere, ndi za njira yowathandiza kuti apitirize kuphunzira, kuphunzitsa ndi kucheza ndi anzao.

1. Kodi anthu amenewa ndi ayani?

Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, ndipo m'chaka cha 1965 inayamba kuphunzitsa ku Chichiri, mu mzinda wa Blantyre, ndi ophunzira 90 okha. M'chaka cha 1973 koleji ya Chancellor inasamukira ku Zomba. Koleji ya zaulimi ya Bunda, imene ili kufupi ndi Mitundu, inali nthambi ya yunivesite yomweyo kufikira 2012, pamene inayamba kuima payokha ndi dzina lakuti LUANAR. Tsono anyamata ndi atsikana amene analowa ntchito m'sukuluzi zaka za m'ma 1970 ndi 1980 lero ali ndi imvi, ndipo ambiri anapuma kale.

Sali aphunzitsi okha ai. Mwa iwo muli akalaliki, osunga mabuku, akapitao a m'minda ndi m'makola, oyendetsa galimoto, ophika ndi alonda. Yense wa iwo anatuluka ndi luso lake, ndipo lusolo anapita nalo kumudzi.

2. Mabvuto amene awapeza

Munthu akapuma pa ntchito sataya malipiro okha. Ataya anzake amene anali kumwa nawo tiyi, ataya belu limene linali kumudzutsa m'mawa, atayanso anthu amene anali kudza kwa iye ndi mafunso. Ndalama ya penshoni, ngakhale ichepa, ikhoza kugula ufa ndi sopo, koma siigula wocheza naye.

Kumudzi nako zinthu siziyenda monga anayembekezera. Amene anakula nawo ena anamwalira, ena amuona ngati mlendo. Achinyamata achita naye manyazi poganiza kuti awaseka Chizungu chao. Iyenso nthawi zina alakwa, pakuti ayesa kuti munthu wosapita ku sukulu alibe chomuphunzitsa. Motero akhala yekha, ndipo kukhala yekha kubala zoipa: wina ayamba kuswera ku mowa, wina afooka m'maganizo nayamba kuiwalaiwala.

Pali choopsa china. Nkhalamba yokhala payokha, yosacheza ndi anthu, ndiyo imene iyamba kulozedwa chala mwana akadwala m'mudzi. Lamulo la 1911 liletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo m'chaka cha 2024 Nyumba ya Malamulo inabvomereza lamulo loteteza okalamba. Koma lamulo liri kutali, ku boma. Chimene chitchinjiriza munthu tsiku ndi tsiku ndicho kudziwika ndi kukondedwa ndi anansi ake.

3. Zimene anachita a maiko ena

Bvuto limeneli silili m'Malawi mokha. M'chaka cha 1973, ku Toulouse m'dziko la France, mphunzitsi wa zamalamulo dzina lake Pierre Vellas anatsegula zipata za yunivesite kuti anthu opuma pa ntchito azidza kudzamva maphunziro ndi kulimbitsa matupi ao. Anaitcha yunivesite ya msinkhu wachitatu, pakuti msinkhu woyamba ndi wa ubwana, wachiwiri ndi wa ntchito ndi kulera ana, wachitatu ndi umene munthu wapuma koma mphamvu akali nazo.

Nzeru imeneyi itafika ku England, Peter Laslett wa ku Cambridge pamodzi ndi Michael Young ndi Eric Midwinter anaisintha m'chaka cha 1982. Iwo anaona kuti akulu safunika kudikira yunivesite, popeza nzeru ali nazo kale pakati pao. M'magulu ao yense ali mphunzitsi ndiponso wophunzira. Mulibe mayeso, mulibe satifiketi, mulibe malipiro a wophunzitsa. Asonkhana m'nyumba zao kapena m'holo yobwereka, nasonkha kandalama kochepa. M'chaka cha 2000 magulu otere anayambanso ku Cape Town, m'dziko la South Africa.

Njira yachiwiriyi ndiyo iyenera malo onga Lobi, chifukwa siifuna nyumba yaikulu kapena chuma cha boma. Ifuna anthu asanu kapena khumi, mabenchi awiri, ndi tsiku limodzi losasinthasintha pa sabata.

4. Zimene gulu lotere lingachite ku Lobi

Anthu a ku Lobi adziwika ndi ulimi wa kachewere, kabichi, anyezi, matimati ndi zipatso. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunadza anthu odzipereka a ku Japan kudzagwira ntchito ndi alimi a m'madimba, ndipo alimiwo anawalandira bwino. Nanga ngati nzeru yochokera kutsidya kwa nyanja inalandiridwa, ilekerenji kulandiridwa nzeru ya mwana wa m'mudzi momwemo amene anakalambira ku Bunda?

Kapitao wakale wa m'minda akhoza kuonetsa anzake kamezetsanidwe ka mitengo ya zipatso, ndi kasungidwe ka mbeu ya kachewere kuti isaole. Kalaliki wakale aphunzitse alimi kulemba zolowa ndi zotuluka, kuti ogula asawapusitse pa mtengo. Wosunga mabuku asonkhanitse mabuku amene ali kudyedwa ndi chiswe m'mabokosi, awaike m'kabati imodzi kuti ana a sukulu azibwereka. Mphunzitsi wa zilankhulo athandize pa sukulu ya kwacha, kumene amai ndi abambo aphunzira kuwerenga atakula kale.

Koma iwonso ayenera kukhala pansi ndi kumvetsera. Gogo wosadziwa kulemba dzina lake adziwa maina a ndiwo za kutchire, mbiri ya mafumu ndi chiyambi cha midzi, zimene sizinalembedwe m'buku liri lonse. Wophunzirayo azilemba zimenezi gogoyo asanatsikire kulichete. Kamodzi pa chaka gulu lisonkhe ndalama ya galimoto, lipite kukaona zojambula za makolo pa miyala ya ku Chongoni, zimene bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006, kapena litsike ku Mua kukaona nyumba yosungira za chikhalidwe ya Kungoni. Ndipo pasasowe bawo, tiyi ndi kuseka, pakuti macheza ndiwo amanga gulu.

5. Mbali ya akatekisiti ndi akhristu

Katekisiti adziwa khomo liri lonse la m'dera lake, adziwanso nkhalamba imene yatha masabata osatuluka panja. Ntchito yake pano ndi yaing'ono: kuyendera akuluwo, kuwakumanitsa, ndi kupempha Bambo Mfumu kapena mkulu wa sukulu chipinda chosonkhanamo. Akatero awasiye adzisankhire okha atsogoleri. Gululo likhale lotseguka kwa onse, a mpingo uli wonse, amai ndi abambo, profesa ndi mlonda pa benchi limodzi.

Makolo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Koma dambo limene anthu analeka kupitako limera tchire, ndipo njira yake itsekeka. Njira ya ku khonde la nkhalamba ija itseguka tsiku limene munthu mmodzi adzakhala pansi ndi kuifunsa funso.

Mafunso okambirana:

1. Kodi m'mudzi muno muli akulu angati opuma pa ntchito, ndipo yense adziwa luso lanji?
2. Nchiyani chimene chiletsa achinyamata kupita kwa iwo ndi mafunso?
3. Ndani adzayamba kuwayendera, ndipo tsiku liti?