Khungu la ana: kuchoka pa chikuku kufika pa ng'ala

M'chaka cha 1976, Dr. Moses Chirambo, dokotala wa maso woyamba wa Chimalawi, pamodzi ndi mnzake adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa ophunzira a m'sukulu za osaona m'dziko muno. Ana ambiri omwe adawayeza adachita khungu asanakwanitse zaka 3, ndipo chikuku ndicho chidali patsogolo pa matenda onse owononga maso. Ena adapunduka maso ndi nthomba, nthenda imene ana a lero sayidziwa n'komwe.

Chikuku chimamaliza Vitamini A m'thupi la mwana. Vitaminiyu akachepa, kachikopa koonekera ka kutsogolo kwa diso kamauma, kamachita chilonda, kenako kamasiya chipsera choyera chotchinga kuwala. Kuthira mankhwala azitsamba m'diso loterolo kumangokulitsa chilondacho. Umu ndi mmene zidaliri m'maiko ambiri osauka a mu Africa ndi Asia, pamene m'maiko olemera khungu la ana limachokera kwambiri ku zilema zobadwa nazo za mkati mwa diso, mitsempha ndi ubongo.

Zinthu zasintha. Katemera wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15, ndipo kuyambira 2017 amateteza ku rubella yomwe, nthenda imene ikagwira mayi woyembekezera imabweretsa ng'ala kwa khanda. Ana a miyezi 6 mpaka 59 amalandira Vitamini A kusikelo, ndipo shuga ndi mafuta ophikira amathiridwa vitaminiyu kufakitale. Kafukufuku wa boma adapeza kuti ana aang'ono operewera Vitamini A adatsika kuchoka pa 59 mwa 100 aliwonse mu 2001 kufika pa 4 okha mu 2015/16. Mu 2022 bungwe la WHO lidalengeza kuti Malawi wathana ndi trachoma. Komabe mliri wa chikuku wa 2010, umene udagwira anthu oposa 100,000, udaonetsa kuti katemera akangonyalanyazidwa nthendayi sichedwa kubwerera.

Zipsera zitachepa, ng'ala ndiyo yatsala poyera. Ambiri amaiyesa nthenda ya agogo, chonsecho mwana akhoza kubadwa nayo. Kwa munthu wamkulu kudikira chaka sikuononga zambiri, pakuti ubongo wake udaphunzira kale kuona. Ubongo wa khanda umaphunzira kuona m'miyezi yoyambirira, ndipo diso likakhala lotsekeka nthawi imeneyi, opaleshoni yochedwa imachotsa ng'ala koma osabwezeretsa kuona kokwanira. N'chifukwa chake mawu oti "akakula ziyera zokha" apundula ana ambiri. Kadontho koyera pakati pa diso sikoyenera kugonekedwa ngakhale sabata imodzi, chifukwa nthawi zina sikakhala ng'ala koma khansa ya m'diso, imene imapha mwana ikachedweredwa.

Palinso ana osiya kuona atadwala malungo a mu ubongo, makanda otuluka mafinya m'maso atangobadwa, ndi obadwa masiku asanakwane, omwe vuto lawo likukula m'maiko amene makanda otere ayamba kupulumuka ambiri. Ana achialubino nawo amaona movutikira, ndipo amafunika magalasi, zilembo zazikulu ndi mpando wa kutsogolo m'kalasi.

Msika wa Lilongwe uli ndi mbali ziwiri pa nkhaniyi. Bonongwe, kholowa, maungu, mapapaya, mango ndi mbatata yofiira mkati, zimene zimaunjikidwa pa mabenchi tsiku ndi tsiku, ndi chitetezo chotsika mtengo cha maso a mwana. Koma m'misewu yomweyo ya ku Old Town mumagulitsidwanso magalasi ongoyeserera pamaso. Magalasi owerengera amathandiza wamkulu; mwana amene saona pa bolodi amafunika kuyezedwa. Choopsa koposa ndi mankhwala odonthezera m'maso ogula popanda kulemberedwa. Mwana wa maso oyabwa amapezadi mpumulo ndi mankhwala okhala ndi steroid, koma akawagwiritsa ntchito miyezi yambiri mphamvu ya madzi a m'diso imakwera ndi kuwononga mtsempha, ndipo izi sizibwezeka. Ngozi imeneyi siyang'ana thumba: ikhoza kugwera mwana wa ku Area 10 kapena Area 43 monga momwe ingagwere wa ku Mchesi.

Boma la Lilongwe lili ndi mwayi umene maboma ambiri alibe, pakuti chipatala cha maso cha Lions Sight First chili pa Kamuzu Central, china chili ku Nkhoma, ndipo ana osaona amaphunzira zilembo za Braille ku Malingunde. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi munthu wozindikira msanga. Mlangizi wa zaumoyo poyeza mwana kusikelo angathe kumuyang'ananso m'maso. Mphunzitsi wa Sitandade 1 ndiye woyamba kuona mwana wotsinzinira pa bolodi kapena wogunditsa buku pamphuno, ndipo asanamutche waulesi ayenera kuitanitsa makolo kuti apite naye kukayezetsa.