KUKAYIKA NDI KUSANKHA: PHUNZIRO LA M'KANEMA WA WANSEMBE WOGANIZIRIDWA KUPHA

M'misika ya boma la Chiradzulu, monga pa Mbulumbuzi ndi pa Namitambo, anyamata ambiri adazolowera kuonera makanema a chiwembu, momwe munthu aphedwa usiku, ndipo apolisi afunafuna wakuphayo kufikira kumapeto. Makanema otere akondedwa chifukwa woonera akhala mtima uli m'mwamba. Ambiri mwa iwo alibe phindu lenileni. Koma alipo ena owerengeka amene afunsa funso lomwe aphunzitsi a Eklezia akhala akulisinkhasinkha kwa zaka mazana ambiri: kodi munthu achite chiyani pamene sadziwa zoona zake za mlandu, nanga achite chiyani pamene azidziwa?

Mmodzi mwa makanema amenewa dzina lake ndi I Confess, ndiye kuti kuulula machimo. Adatuluka m'chaka cha 1953, ndipo adaukonza ndi Alfred Hitchcock, Mngelezi amene adaphunzira kwa ansembe a chipani cha Ayezuiti ku London.

NKHANI YAKE

Nkhaniyi ichitikira mumzinda wa Quebec, m'dziko la Canada. Otto Keller ndi mkazi wake Alma ndi anthu othawa kwawo, ndipo agwira ntchito panyumba ya ansembe. Usiku wina Keller avala mkanjo wa ansembe kuti asadziwike, nakaba ndalama kwa loya wina dzina lake Villette. Loyayo ampeza, ndipo Keller amupha. Usiku womwewo alowa m'tchalitchi naulula tchimo lake kwa Bambo Michael Logan mu Sakramenti la Kulapa.

Tsono atsikana awiri auza apolisi kuti adaona wansembe akutuluka m'nyumba ya malemuyo. Mkulu wa apolisi, Larrue, afufuza napeza kuti Villette ankaopseza mayi wina wokwatiwa, Ruth Grandfort, amene adali bwenzi la Bambo Logan iwo asanalowe unsembe. Mayiyo, pofuna kuwapulumutsa, aulula zonse za kale lija. Koma mawu akewo angopatsa apolisi chifukwa choganizira kuti wansembe adali nacho chomuphera loyayo. Keller nayenso abisa mkanjo wa magazi uja pakati pa katundu wa Bambo Logan.

Kubwalo la milandu Bambo Logan akana kuti sadaphe munthu, koma satchula wakuphayo. Anthu wamba osankhidwa kuti agamule mlanduwo anena kuti umboni ngwosakwanira, ndipo wansembe amasulidwa. Koma khamu la anthu panja lawaweruza kale. Liwanyoza ndi kuwakankha. Apo Alma alephera kupirira, athamanga kuti akanene zoona, ndipo mwamuna wake amuwombera. Pambuyo pake Keller, poyesa kuti wansembe wamuulula, adziulula yekha pamaso pa apolisi. Awomberedwa, namwalira m'manja mwa Bambo Logan akupempha chikhululukiro.

Woonera adziwa wakuphayo kuyambira pachiyambi. Chomwe chimugwira mtima ndi kuona mitundu itatu ya anthu, uliwonse ndi chisankho chake.

WODZIWA AMENE SALOLEDWA KUNENA

Woyamba ndi wansembe. Iye sakayika za mlandu, ndiponso sakayika za udindo wake. Msonkhano waukulu wa Aepiskopi wa ku Laterano, m'chaka cha 1215, udalamula kuti wansembe asaulule wolapa ndi mawu, ndi chizindikiro, kapena mwa njira ina iliyonse. Lamulo lomweli lili m'buku la malamulo a Eklezia la 1983, pa nambala 983, ndipo wansembe wophwanya dala chinsinsichi achotsedwa mu Eklezia nthawi yomweyo.

Wina angafunse: nanga si kukhala chete kumeneku kudachititsa manyazi mayi Ruth, ndipo kudapatsa Keller mpata wopha anthu ena? Funsoli nloona, ndipo kanemayu salibisa. Yankho lake nlakuti zomwe wansembe amva pa kulapa si zake. Azimva m'malo mwa Mulungu. Chinsinsichi chikadakhala chomasuka pa milandu ikuluikulu, ochimwa aakulu, amene ndiwo asowa kwambiri kutembenuka mtima, sakadabwera konse. Wansembe angathe kulangiza wolapa kuti akadzipereke ndi kukonza zomwe adaononga. Koma kumugwira ndi ntchito ya apolisi, ndipo umboni wake uyenera kuchokera kwina. Bambo Logan sanama, ndiponso saika mlandu pa wina. Mtolo wa chete wawo ausenza ndi iwo eni.

WODZIWA AMENE AYENERA KUNENA

Wachiwiri ndi Alma. Iye adamva zonse kwa mwamuna wake, osati pa kulapa ayi, koma m'nyumba mwawo. Palibe chinsinsi cha Sakramenti chimene chimumanga. Kukayika kwake nkwa mtundu wina: mbali ina kuli mwamuna wake ndi mantha, mbali ina kuli munthu wosalakwa amene angathe kunyongedwa. Akhala chete masiku onse a mlandu, akutumikira patebulo wansembe yemweyo. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa. Alma asankha bwino, koma asankha mochedwa, ndipo alipira ndi moyo wake.

Apa akatekisi achenjere pophunzitsa. Chete wa wansembe si chitsanzo kwa mboni. Mkhristu amene waona ndi maso ake mbale wake akupha kapena akuba, ndipo wina wosalakwa wagwidwa m'malo mwake, ali ndi udindo wonena zoona kwa amfumu kapena kwa apolisi. Chibale sichifafaniza Lamulo lachisanu ndi chitatu. Kawirikawiri chimene munthu wotere achitcha kukayika sichikhala kukayika konse. Mtima wake udziwa choyenera, koma uopa mtengo wake.

OSADZIWA AMENE ANENA

Achitatu ndi khamu lija. Iwo alibe umboni woposa wa bwalo, komabe sakayika mpang'ono pomwe. Tomasi Woyera wa ku Aquino, amene adamwalira m'chaka cha 1274, adaphunzitsa kuti kuganizira wina zoipa kuli ndi makwerero atatu. Loyamba ndi kuyamba kukayika za ubwino wa munthu chifukwa cha zizindikiro zazing'ono. Ili ndi tchimo laling'ono, lochokera ku kufooka kwa anthu. Lachiwiri ndi kutsimikiza mumtima kuti munthuyo ngwoipa, zizindikiro zili zazing'ono zomwezo. Pa nkhani yaikulu, ili ndi tchimo lalikulu. Lachitatu ndi kumulanga munthu chifukwa chongomuganizira. Uku ndiko kupha chilungamo. Adaonjeza kuti nkwabwino kulakwa kawirikawiri poganizira zabwino munthu woipa, kusiyana ndi kulakwa kamodzikamodzi poganizira zoipa munthu wabwino, pakuti kulakwa koyambako sikupweteka wina, koma kwachiwiriko kupweteka wosalakwa.

Wapolisi Larrue akayika, nafufuza. Imeneyo ndiyo ntchito yake, ngakhale asokera. Ogamula mlandu aja akayika, namasula munthu. Nawonso achita bwino, pakuti moyo wa munthu suchotsedwa ndi mwina. Khamu lokha ndilo lidumpha makwerero onse atatu nthawi imodzi.

ZA KUNO KWENIKWENI

Anthu a ku Chiradzulu khamu lotere alidziwa popanda kanema. Mu Disembala 2002 mphekesera za anamapopa zidafala m'maboma a kumwera. Munthu mmodzi adaphedwa ndi miyala, ndipo ansembe atatu adamenyedwa ndi anthu amene adawaganizira kuti ngopopa magazi. Mu Seputembala 2017 mphekeserazo zidabukanso ku Mulanje, nizifalikira ku Phalombe, ku Thyolo, ku Chiradzulu, mpaka mumzinda wa Blantyre. Anyamata adatseka misewu nafufuza m'magalimoto ndi m'zikwama za alendo. Anthu osachepera 8 adaphedwa ndi makamu, mmodzi wa iwo munthu wodwala khunyu amene adatenthedwa ku Blantyre. Bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo apolisi adagwira anthu oposa 100. Madokotala sadapeze umboni wakuti wina adapopedwa magazi.

Mantha a anthu m'midzi adali enieni. Ambiri ankagona panja pamodzi poopa kulowa m'nyumba. Koma mantha si umboni. Atsikana a m'kanema uja adaonadi mkanjo, koma sadaone nkhope. Momwemonso m'mudzi wina adaonadi mlendo ndi chikwama, koma sadaone tchimo. Ndipo m'makamu ajawo mudalinso anthu onga Alma, odziwa bwino kuti wogwidwayo ndi mlendo chabe kapena wodwala, amene adakhala chete poopa anzawo.

MALAMULO ATATU A CHIKUMBUMTIMA

Aphunzitsi a makhalidwe achikhristu, monga Alfonsi Woyera wa ku Liguori, amene adamwalira m'chaka cha 1787, adasiyira Eklezia njira yomveka.

1. Munthu asachite kanthu pamene chikumbumtima chake chikayika ngati kanthuko ndi tchimo. Ayambe wafunsa, wafufuza, wapemphera. Kuona maso a nkhono nkudekha.

2. Ngati atafufuza kukayika kukadalipo, ndipo nkhani ikhudza moyo kapena mbiri ya munthu, asankhe njira yosapweteka munthuyo. Wogwidwa apite naye kwa apolisi ali wamoyo. Bwalo likalakwa, mlandu ungathe kumvedwanso. Khamu likalakwa, pepani sapoletsa chilonda.

3. Pamene chikumbumtima chatsimikiza choyenera kuchita, munthu achite, ngakhale chimuonongere mbiri, chibale kapena mtendere wake. Kuzengereza dala kuti kukayika kupitirire nakonso nkusankha, ndipo Mulungu adzafunsa za chisankho chimenecho.

Kukayika pakokha si tchimo. Kungakhale mlonda wa chilungamo, monga kudakhalira kwa ogamula mlandu aja, ndiponso kungakhale chobisalira cha wamantha. Ntchito ya mkhristu ndiyo kuzindikira kuti kukayika kwake nkwa mtundu uti.

MAFUNSO A PA MSONKHANO WA MPHAKATI

1. Chifukwa ninji Bambo Logan adachita bwino pokhala chete, pamene Alma adalakwa pokhala chete?

2. Kodi makwerero atatu a kuganizira wina zoipa ndi ati, ndipo tchimo lalikulu liyambira pa khwerero liti?

3. Mkhristu wamva mfuwu usiku, ndipo wapeza anthu atazinga mlendo. Anene chiyani, ndipo atume ndani kwa amfumu ndi kwa apolisi?

4. Mayi wadziwa kuti mwana wake ndiye adaba mbuzi, koma mwana wa mnansi ndiye wamangidwa. Kodi katekisi amulangize motani?