Mmene tingakhalire m'galimoto kuti airbag isativulaze

Amene anapanga airbag, thumba lija lobisika m'chiwongolero ndi m'dashibodi, anafuna kuti litchinjirize mutu ndi chifuwa pa tsiku la tsoka. Koma popeza liyenera kufufuma munthu asanagunde chitsulo, limatumphuka paliwiro lofika makilomita 300 pa ola, diso lisanaphethire, ndipo amene lamupeza ali pafupi kwambiri limamuthyola mphuno, nthiti, ngakhale khosi limene.

Tsono musanalize injini, mangani lamba, pakuti thumbalo analikonza kuti lithandizane ndi lambayo, ndipo wosamanga amaponyedwa kutsogolo n'kukumana nalo lili pa ukali wake wonse. Mukatero bwezani mpando mpaka pakhale masentimita 25 kapena kuposapo pakati pa chifuwa ndi chiwongolero. Gwirani chiwongolerocho m'mbali zake ziwiri, chifukwa dzanja loyendetsa lili pamwamba limakankhidwira kumaso kwa mwini wake. Mayi woyembekezera apititse lamba wa m'chiuno kunsi kwa mimba, ndipo wokhala kutsogolo asasanjike mapazi padashibodi.

Pa za ana ndiyenera kulankhula mosabisa mawu. Tonse tawaona amayi atakhala kutsogolo, khanda lili pamiyendo, kamutu kake katayandikira pomwe thumbalo limatulukira. Amatero chifukwa cha chikondi, komatu galimoto ikagunda palibe mikono imene ingagwire mwanayo, ndipo iye ndiye amayamba kulandira nkhonya imene anaiyeza pa thupi la munthu wamkulu. Mwana wosafika zaka 13 akhale kumbuyo, atamangidwa. Kampando ka khanda koyang'ana kumbuyo musakaike konse kutsogolo kumene kuli airbag yogwira ntchito, ngakhale ulendo ukhale wa kutchalitchi pomwepa.

Mukatembenuza kiyi, penyani nyali yolembedwa SRS kapena yosonyeza munthu ndi chibaluni. Iyenera kuyaka kwa masekondi ochepa kenaka n'kuzima. Ikapitiriza kuyaka, pali chovuta. Ikapanda kuyaka n'komwe, kayikirani, pakuti alipo ogulitsa amene amabisa ngozi yakale pozula nyaliyo ndi kumata bwino chivundikiro pomwe thumba linaphulika kale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makaniko wogwira malo a airbag ayambe wachotsa batire ndi kudikira mphindi zingapo.

Palinso nkhani ya kampani ya ku Japan ya Takata, imene inaika m'ma airbag ake mankhwala a ammonium nitrate, omwe akakhala zaka zambiri m'kutentha ndi m'chinyontho amawonongeka, kotero kuti pophulika amang'amba kachitsulo kowasunga, zidutswa zake n'kulasa nkhope ndi khosi. Anthu anafa nazo m'maiko angapo, ma airbag oposa 100 miliyoni anaitanidwa kuti asinthidwe, ndipo kampaniyo inagwa mu 2017. Ife nkhaniyi itikhudza, poti galimoto zathu zambiri n'zogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, zolowa kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, ndipo zina zimakalambira m'kutentha kwa ku Nsanje kapena m'chinyontho cha m'mbali mwa nyanja.

Choncho lembani nambala ya chasisi, muifufuze pa intaneti pa masamba a Toyota, Honda, Nissan kapena Mazda, kapena mukafunse kwa oimira makampaniwo kuno kwathu. Mukapeza kuti galimoto yanu ili m'gulu loitanidwalo ndipo thumba silinasinthidwe, chonde kasinthitseni musananyamulemo banja lanu.